Mwana akuchedwa kukhala, kuyenda kapena kuyankhula: tipite naye kuti mu Lilongwe muno?

Mwana akafika chaka ndi theka asanaponye phazi, pakhomo sipasowa alangizi. Agogo ake amati ndi ulesi chabe, bambo akenso anachedwa chomwecho. Apongozi amati mumamubereka kwambiri kumbuyo, mutsitseni azikwawa. Mnansi amakunong'onezani dzina la sing'anga, wina wa kumpingo amati mubwere naye ku mapemphero a usiku. Mayi amangoti zikomo kwa onse, koma mumtima akudziwa kuti khosi la mwana wake linachedwa kulimba, kuti kadzanja kamodzi kamangokhala chofumbata, kuti phala limamutsamwa pafupifupi tsiku lililonse. Ndikulembera mayi ameneyu pamodzi ndi bambo wa mwanayo. Njira zopezera thandizo mu Lilongwe zilipo zingapo, koma zimasiyana mtengo, mtunda komanso zimene zingamuchitire mwana. Ndipo mwana wotere safuna thandizo la mwezi umodzi. Njira imene mungasankhe ikhale yoti mudzaikwanitsabe chaka chamawa, mvula ikugwa, ndalama ya minibasi itavuta.

Tiyambe tagwirizana kuti kuchedwa n'kutani, chifukwa ana safika pa chinthu tsiku limodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litatsatira ana athanzi m'mayiko angapo, linatulutsa zotsatira mu 2006 zosonyeza kuti mwana amakhala yekha osagwiriridwa pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo amayenda yekha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Mpata wake ndi waukulu ndithu. Wa mnzanu akayenda pa miyezi 10 wanu n'kudzayenda pa miyezi 16, onsewo ali bwino. Ana ena athanzi sakwawa n'komwe, amangodzikhwekhwereza ndi matako kenako n'kuimirira. Wobadwa masiku osakwana muzimuchotsera masiku amene anaperewera mpaka akwane zaka 2: ngati anabadwa miyezi iwiri isanakwane nthawi, pa miyezi 12 mumuyembekezere zochita za mwana wa miyezi 10.

Koma pali malire amene sitiyenera kuwanyengerera. Khosi losalimba pa miyezi 6, kusakhala pa miyezi 9 kapena 10, kusayenda pa miyezi 18, kusatchula liwu ngakhale limodzi pa chaka ndi theka, kusalumikiza mawu awiri monga "mama madzi" pa zaka 2. Onjezanipo mwana amene sacheuka mukamuitana dzina, saloza chinthu ndi chala kuti inunso muchione, kapena amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha asanakwane chaka. Choopsa kuposa zonsezi ndi kubwerera m'mbuyo: ankakhala ndipo wasiya, ankati "dada" ndipo pano wangoti zii. Zikatero musadikire tsiku la sikelo.

Chipatala cha boma

Poyambira penipeni ndi pasikelo, kaya ku Kawale, ku Area 25, ku Area 18, ku Bwaila kapena kulikonse kumene mumakayezetsa mwana. Vuto lake n'lakuti pasikelo maso onse amakhala pa kulemera ndi katemera, ndipo mzere wa amayi ukatalika palibe amene angakufunseni ngati mwana wayamba kutembenuka. Muyenera kuyambitsa nkhaniyo ndinu. Uzani mlangizi wa zaumoyo kapena namwino mosabisa: "Mwana wanga ali ndi chaka koma sakhala, ndikufuna aonedwe ndi dokotala." Fotokozani zakale zonse, chifukwa n'zimene zimatsogolera dokotala: ngati sanalire atangobadwa, ngati anagonekedwa ku nazale, ngati anachita chikasu m'masiku oyamba, ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo kapena matenda oumitsa khosi. Izi ndi zina mwa zimene zimavulaza ubongo wa ana ambiri kuno kwathu, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chili mlandu wa mayi. Pemphani kuti zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwanayo, n'kukupatsani kalata yopita nayo ku Kamuzu Central.

Ku Central n'kumene kuli madokotala a ana, anthu a mafizo (masewera olimbitsa ndi kuwongola ziwalo), a maso, ndi malo opangira zogwiriziza miyendo amene anayamba ndi thandizo la bungwe la ku Scotland lotchedwa 500 miles. Pamalo pomwepo palinso LION, chipatala cha maopaleshoni a mafupa ndi ubongo, chofunika kwa mwana amene mutu wake ukukula mofulumira chifukwa cha madzi, kapena wobadwa ndi chotupa pamsana. Ubwino wa njira ya boma ndi woonekeratu: thandizo ndi laulere, ndipo ndi njira imene ingakuuzeni dzina la vutolo, kaya ndi cerebral palsy imene ambiri amangoti CP (kuvulala kwa ubongo kumene kumasokoneza kayendetsedwe ka thupi), kaya Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru), kaya kusamva, kaya kunyentchera kumene kwafooketsa thupi lonse. Mankhwala a khunyu, monga phenobarbital ndi sodium valproate, amachokeranso kuchipatala. Mwana amene akugwabe khunyu pafupipafupi sapindula mokwanira ndi mafizo, choncho kugwako kuyambe kwaletsedwa.

Kuipa kwake n'kwakuti akatswiri ndi ochepa m'dziko lonse. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene tsopano ndi mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo othandiza ana kuyankhula ndi kumeza ndi ochepa koposa. Ndiye musayembekezere kuti mwana azionedwa tsiku ndi tsiku. Kuulereko kulinso ndi mtengo wake wobisika. Mayi wa ku Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Lumbadzi amalipira kabaza, minibasi, mwina ziwiri, atabereka mwana wazaka 3 amene sagwiririra pamsana, ndipo geni ya tsikulo yaima. Mabanja ambiri amasiyira panjira osati chifukwa chosasamala, koma chifukwa cha thiransipoti. Ndimalangiza kuti tsiku loyamba lomwelo muwauze a mafizo zoona: "Ine ndingathe kubwera kamodzi pamwezi basi." Akadziwa, amakonza zoti akuphunzitseni zochita kunyumba, m'malo mongomugwira mwana okha inu mukuonerera.

Olipira

Mumzinda muno muli zipatala ndi akatswiri a mafizo olipira, ena mpaka amabwera kunyumba. Mumapeza nthawi yokwanira, munthu yemweyo amamuona mwana ulendo uliwonse, ndipo akabwera pakhomo amaona mpando weniweni, khonde lenileni, ndi mmene mwana amadyera. Kwa banja limene lingakwanitse, zimenezi ndi zabwino kwambiri. Koma werengerani ndalama za chaka chonse, osati za mwezi woyamba. Ndaona mabanja akuyamba ndi moto, katatu pa sabata, kenako thumba n'kubooka, n'kusiyiratu zonse. Kamodzi pa masabata awiri kwa chaka chathunthu kumaposa zimenezo kutali.

Funsani ngati munthuyo analembetsa ku Medical Council of Malawi, komanso ngati anazolowera ana, pakuti kuthandiza wamkulu amene anachita sitiroko ndi ntchito ina. Ndipo muzimuyang'ana akamagwira ntchito. Ngati ola lonse mwana wangogona chagada akulira, wina akumupinda ndi kumuwongola miyendo, pakusowa kanthu. Ubongo wa mwana umaphunzira mwana akamayesa yekha: kufikira chidole, kudzikankha, kugwa n'kuyambiranso. Katswiri wabwino amasewera ndi mwana, amakupatsani inu kuti muyese iye akuona, n'kukukonzani manja. Wokulonjezani kuti mwana ayenda pakatha miyezi itatu, kapena wokugulitsani mabotolo a mankhwala "odzutsa ubongo", musiyeni. Zipatala za mishoni monga Likuni ndi Nkhoma zimalipiritsanso koma mocheperapo, ndipo kwa okhala mbali zimenezo n'kwanzeru kufunsa kaye kumeneko musanalowe m'tauni.

Pa nkhani ya makutu ndiye musazengereze. Mwana aliyense amene akuchedwa kuyankhula ayezedwe makutu, makamaka ngati anadwalapo matenda oumitsa khosi kapena chikasu chachikulu. Ku Area 47, pa African Bible College, kuli ABC Hearing Clinic kumene amayeza ngakhale makanda. Kuwomba m'manja kumbuyo kwa mwana si kuyeza, chifukwa amatha kucheuka poona chithunzithunzi kapena kumva mphepo.

Mabungwe ndi magulu a makolo

Pali MAP, imene inayamba mu 1979 polimbana ndi poliyo ndipo lero imathandiza aulumali wa ziwalo, kuphatikizapo kupanga njinga ndi mipando. Pali MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971 ndipo lasanduka MACODA potsatira lamulo la anthu aulumali la 2024. Pali PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, komanso Children of Blessing Trust imene imagwira ntchito ndi ana aulumali mu Lilongwe momwemuno. Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Lilongwe, ngakhalenso kwa a mafizo amene, mungafunse gulu limene lili pafupi ndi dera lanu.

Mabungwe amadalira thandizo la ena, ndiye ntchito imatha kukula chaka chino n'kuchepa chaka chamawa. Musaike mtima wonse pa bungwe limodzi. Koma gulu la makolo lili ndi chinthu chimene chipatala sichingapereke. Mayi amene wakhala akubisa mwana m'nyumba poopa maso a anthu amafika n'kupeza amayi anzake atayala zitenje pansi, wina akupukuta dovu la mwana wake popanda manyazi, wina akuonetsa mnzake mmene amagwirira chibwano pomwetsa madzi. Amamvanso kwa mayi wa mwana wazaka 7 zimene zikubwera kutsogolo. Mayi wotopa ndi wosweka mtima sangachititse mwana mafizo, ndiye thandizo lopita kwa mayi ndi thandizo kwa mwananso. Abambo, maguluwa si a amayi okha. Mwana akamakula amalemera, ndipo msana wa mayi yekha sungapirire.

Pakhomo

Apa ndiye pagona nkhani. Ngakhale mutapita ku mafizo sabata iliyonse, ndi ola limodzi lokha. Maola ena onse mwana ali ndi inu. Kunyumba kokha, popanda wokuwongolerani, n'koopsa, chifukwa mutha kulimbikira zinthu zoonjeza vuto. Chitsanzo ndi kampando kamateyala kophunzitsira kuyenda kamene timagula m'tauni: mwana wouma miyendo kamamuzoloweza kuima ndi zala, chidendene chili m'mwamba. Koma chipatala chokha popanda zakunyumba sichisuntha kanthu. Kwa ine njira yoposa zonse ndi kuphatikiza: achipatala apeze vuto ndi kukuphunzitsani, inu muzichita tsiku ndi tsiku, n'kumabwerera kuti akaone ndi kusintha zochita.

Sizifuna kupatula ola lapadera ayi. Zilowe m'ntchito za tsikulo. Mukamatsuka mbale, mwana agone chafufumimba pamphasa, kansalu kokulunga kali pansi pa chifuwa, chigubu chokhala ndi timiyala chili patsogolo pake kuti adzutse mutu. Wophunzira kukhala mumukhazike m'beseni kapena m'katoni yolimba, nsalu zitamutchinga m'mbali, mapazi atagunda pansi. Wophunzira kuima agwire mpando wolemera, inu mutamugwira m'chiuno osati m'manja. Pomubereka, miyendo ikhale yotakasuka m'chiuno mwanu, zimene zimathandiza mwana amene miyendo yake imapingasana. Pomusambitsa muzimutchulira: dzanja, phazi, madzi, sopo. Kenako dikirani. Ambirife timafunsa mwana n'kudziyankha tokha, pomwe mwana wochedwa amafuna nthawi kuti atulutse mawu kapena aloze. Ana anzake ndi achibale ake ndi aphunzitsi abwino kuposa ife akuluakulu, ndiye mutulutseni pakhonde pamene akusewera.

Kudya ndiye ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ana ambiri a CP chimene chimawagoneka m'chipatala ndi chibayo ndi kunyentchera. Taonani mmene zimachitikira m'makomo ambiri: mwana wagonekedwa chagada pamiyendo, mutu wapendekera kumbuyo, phala lamadzimadzi likuthiridwa m'kamwa, iye akutsokomola, maso ali ndi misozi, mayi akufulumira kuti mbale ithe. Phala lina limalowera kumapapo. Mukhazikeni tsonga, mutu uweramire pang'ono kutsogolo, sipuni ikhale yaing'ono, ndipo musapereke ina asanameze yoyamba. Kwa ana ambiri otere phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa lamadzi. Muziikamo nsinjiro, dzira, kapena kasipuni ka mafuta ophikira, kuti pang'ono pamene wadyapo pakhale ndi mphamvu, ndipo adye kangapo patsiku. Ngati mzere wa kulemera m'buku la sikelo waima kapena ukutsika, ayezedwe ngati akufunika chiponde. Mwana wanjala alibe mphamvu zodzutsira mutu.

Zipangizo nazo zili ndi njira ziwiri. Mpando wapadera kapena choimiritsira mwana mungachipeze kudzera ku MAP ndi mabungwe ena, kapena a mafizo angakupatseni miyezo kuti kalipentala wa m'dera lanu akhome. Palinso mipando yopangidwa ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, yolimba bwino ikauma, koma iyenera kusungidwa posanyowa. Chachikulu n'chakuti miyezo ichokere kwa wodziwa, chifukwa mpando waukulu kwambiri umapinditsa msana.

Nanga mapemphero ndi asing'anga? Sindingauze kholo kuti lisiye kupempherera mwana wake, ndipo mipingo ina yanyamula mabanja otere pa nthawi yovuta. Pempherani, uku mukupita ku mafizo. Chimene ndimakana ndi munthu wouza mayi kuti asiye kupereka mankhwala a khunyu posonyeza chikhulupiriro. Kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa kosalekeza kumene kungathe kupha. Ndimakananso kutema mphini pamiyendo ya mwana, kumumwetsa zitsamba zosadziwika mlingo wake, ndi kuloza chala agogo kapena mayi kuti ndiwo anakhwimira mwana. Ndalama ndi miyezi zimathera kumeneko, pomwe zaka zoyambirirazi ndi zimene ubongo umaphunzira msanga.

Tidziwa bwanji kuti zikuyenda?

Mukamuyeza ndi mwana wa mnansi mudzangosweka mtima. Mukamayembekezera zikuluzikulu zokha, kukhala ndi kuyenda, mudzaganiza kuti chaka chonse chapita pachabe. Pakati pa kugona ndi kukhala pali masitepe ambiri: kudzutsa mutu mpaka muwerenge kufika pa 5, kenako pa 20, kutsamira zigongono, kutembenukira mbali imodzi, kenako inayo, kukhala atatsamira manja ake, kuchotsa dzanja limodzi n'kutenga chidole osagwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gwirizanani ndi a mafizo zolinga ziwiri kapena zitatu za miyezi itatu ikubwerayi, zooneka ndi maso, monga "agwire kapu ndi manja awiri n'kumwa". Zilembeni m'kope. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani kavidiyo kakafupi kamodzi pamwezi, pamphasa yomweyo, akuchita chinthu chomwecho. Maso amene amaona mwana tsiku lililonse saona kusintha, koma kavidiyo ka Januwale mukakaika pambali pa ka Juni kamakuuzani zoona, ndipo kamathandiza dokotala ngati mwana wakana kuchita kanthu m'chipinda choyezera. Kujambula mmene amagwera khunyu kumathandizanso kwambiri.

Achipatala ali ndi muyezo wawo. Mu 2010 ofufuza anatulutsa MDAT, chida choyezera kakulidwe ka ana chopangidwira kuno ku Malawi, chokhala ndi zinthu 136 m'magawo anayi: kuyendetsa thupi, kugwiritsa ntchito manja, chiyankhulo, ndi kukhala ndi anthu. Mukhoza kufunsa ngati angamuyeze nacho. Magawo anayiwo akukumbutseni kuti miyendo si mwana yense. Pali ana amene miyendo ikuchedwa koma akumva zonse, akuseka nthabwala, akuloza chimene akufuna. Pali ena, monga ambiri a autism (vuto lovutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), amene amathamanga bwinobwino koma akufunika thandizo pa kulumikizana ndi anthu, ndipo kwa iwowa mafizo a miyendo alibe ntchito. Afunika wodziwa za kuyankhula ndi khalidwe, ndandanda yosasinthasintha ya tsiku, ndi zizindikiro za manja kapena zithunzi. Zizindikirozi sizilepheretsa mwana kuyankhula, zimamuthandiza.

Kuima kwa kanthawi kumachitika. Akadwala malungo kapena kutsegula m'mimba, mwana amatha kufooka kwa masabata angapo, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye ana ouma ziwalo amaumiratu. Koma pakatha miyezi itatu kapena inayi popanda kusintha kulikonse, bwererani mukafunse: kodi cholinga chakula kwambiri, kodi akugwa khunyu lobisika, kodi akuona ndi kumva bwino, kodi akudya mokwanira? Mwana wa CP amene akulira mukamutakasula miyendo pomuveka thewera aonedwe chiuno, chifukwa fupa limatha kuguluka pang'onopang'ono.

Funso limene kholo lililonse limafunsa ndi lakuti, adzayenda? Ana a Down syndrome pafupifupi onse amayenda, ambiri cha m'ma zaka 2, ena mochedwerapo. Pa CP, madokotala amagawa ana m'magulu asanu malinga ndi mmene amayendetsera thupi, ndipo chizindikiro chodalirika n'chakuti mwana amene wakhala yekha pofika zaka 2 kawirikawiri amadzayenda, kaya yekha kaya ndi chogwirira. Amene sanakhale pofika zaka 4 kuyenda kumakhala kovuta. Izi n'zowawa kumva, koma dokotala wokuuzani zoona wakuchitirani zabwino, chifukwa mumayamba msanga kufunafuna mpando woyenera ndi njinga, n'kuika mphamvu pa manja, kudya ndi kulankhulana. Chilonda cha muubongo cha CP sichikula, koma mfundo zimauma ngati mwana angokhala chigonere, ndiye ngakhale amene sadzayenda amafunika kukhazikidwa, kuimiritsidwa ndi kusinthidwa kagonedwe tsiku lililonse.

Akamayandikira zaka 3, yambani kuyendera sukulu za mkaka ndi za mmera mpoyamba za m'dera lanu. Pitani nokha kaye, mukacheze ndi mlezi, mumufotokozere mmene mwana amadyera, mmene amanenera kuti akufuna kuchimbudzi, ndi zoyenera kuchita akagwa khunyu: kumugoneka cham'mbali, osamuika kanthu m'kamwa. Ngati akuchita mantha, pemphani kuti muzikhala naye m'kalasi masiku oyamba, maola awiri okha, mpando wake mutabwera nawo kuchokera kunyumba.